Makwinya a Rembrandt: Kodi Mmisiri Abise Kufooka Kwake?

Mu nyumba yosungiramo zithunzi ya National Gallery, mumzinda wa London, muli zithunzi ziwiri za munthu mmodzi, zojambulidwa ndi mwini wake yemwe. Choyamba ndi cha chaka cha 1640: Rembrandt ali ndi zaka 34, wavala zovala za anthu olemera, watsamira mkono wake monga amene alibe chomudetsa nkhawa. Chachiwiri ndi cha 1669, chaka chimene anamwalira: nkhope yatupa, mphuno yafiira, makwinya onse ali poyera, ndipo palibe chimene wabisa. Funso lathu nali: kodi chimene chimakoka mtima pa chithunzi chachiwirichi nchiyani, popeza mwini wake sanadzikometse konse?

Tiyambe ndi zimene zinamugwera pakati pa zaka ziwirizi. Mwa ana anayi amene anabereka ndi mkazi wake Saskia, atatu anamwalira ali makanda, ndipo Saskia yemwe anamwalira mu 1642. Nyumba yaikulu imene anagula ku Amsterdam mu 1639 inamulowetsa m'ngongole zosatha, kotero kuti mu 1656 anavomera pamaso pa akuluakulu kuti walephera kubweza, ndipo katundu wake anagulitsidwa. Hendrickje, mkazi amene anakhala naye pambuyo pake, anamwalira mu 1663. Mwana wake Titus anamwalira mu 1668. Nzoona kuti zithunzi za nkhope yake zinalinso malonda, pakuti anthu ankafuna kukhala ndi nkhope ya mmisiri wotchuka. Koma wamalonda amakometsa chimene akugulitsa. Iye sanatero: chimene kalilole anamuonetsa ndicho anaika pa chinsalu.

Apa pali chiphunzitso choyamba. Ntchito ya mmisiri, kaya wojambula, wolemba mabuku kapena woimba, ndiyo kuona bwino ndi kuthandiza ena kuona. Koma diso silingazolowere bodza kumbali imodzi nkukhala loona kumbali ina. Amene afufuta makwinya pa nkhope yake adzafufutanso chisoni pa nkhope ya mnzake. Pa chithunzi cha Mwana Wolowerera, chimene Rembrandt anajambula kumapeto kwa moyo wake ndipo tsopano chili ku Hermitage, mumzinda wa St Petersburg, mnyamata wagwada, mutu wometa, nsapato zothaitha, phazi limodzi lili pamtunda. Tikhulupirira kuti phazi limenelo analiona bwino chifukwa anali atayamba wapenyetsetsa umphawi wake osatembenuza maso.

Chiphunzitso chachiwiri nchakuti choonadi chotere chili ndi mtengo wake. Cha m'ma 1661 anapatsidwa ntchito yojambula chithunzi chachikulu cha nyumba ya boma ya mzinda wa Amsterdam, chosonyeza Claudius Civilis, ngwazi yakale imene inaukira Aroma. Mbiri imati munthuyu anali ndi diso limodzi. Ojambula ena ankamuonetsa chammbali kuti chilemacho chisaoneke, koma Rembrandt anamujambula atapenya kutsogolo, diso lakufalo lili poyera. Chithunzicho chinakhala pakhoma miyezi yowerengeka, kenaka chinachotsedwa. Chidutswa chimene chinatsala chili ku Stockholm. Tsono tisanyengane: amene akana chiphamaso nthawi zina amataya ntchito ndi ulemu womwe.

Komabe tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Kuvomera kufooka sikutanthauza kuyanika za mumtima pabwalo kuti anthu akumvere chisoni. Woyanika mabala ake amafuna kuti maso onse akhale pa iye, ndipo kumeneko ndi kudzikometsa kwa mtundu wina. Wovomera kufooka amachotsa chophimba kuti ntchito ikhale yoona. Ndiponso kuona mtima pa chinsalu sikusandutsa munthu wolungama. Rembrandt yemweyo, atakangana ndi Geertje Dircx, mayi amene analera Titus, anachita mbali pomutsekera m'nyumba ya chilango ku Gouda mu 1650, kumene anakhala zaka 5. Diso limene linaona makwinya ake silinaone cholakwa chimenechi.

Zimenezi sizikhudza amisiri okha. Mphunzitsi wofunsidwa chimene sadziwa ali ndi njira ziwiri: kupeka yankho kuti asunge ulemu, kapena kunena kuti, "Sindidziwa, ndikafufuza." Akapeka, ophunzira amatenga bodza, ndipo amaphunziranso kuti munthu wanzeru savomera umbuli. Dokotala wobisa cholakwa chake amachititsa kuti anzake adzachibwereze pa wodwala wina. Akuluakulu anati safunsa adadya phula. Koma munthu safunsa asanavomere kuti sadziwa. Kudalirana pa ntchito kumamera pamenepa, pakuti timakhulupirira "inde" wa munthu amene tinamumvapo akunena kuti "ndalakwa."

Rembrandt anamwalira pa 4 Okutobala 1669, ndipo anaikidwa m'manda obwereka m'tchalitchi cha Westerkerk, popanda mwala wa dzina lake. Chotsala ndi nkhope ija ya nkhalamba. Aliyense wa ife ali ndi kalilole wake pa ntchito imene amagwira, ndipo tsiku lililonse amasankha chimene aike pa chinsalu: chimene waona, kapena chimene akufuna kuti anthu aone.