MTENGO WA UDZU WA KU AUSTRALIA SUFUNA KUOKEDWA MWAPHUMA

Alimi ambiri amaudziwa bulugamu, mtengo wokula msanga umene unacokera ku Australia. M'dziko lomwelo muli mtengo wina wa khalidwe losiyana kotheratu, wochedwa mtengo wa udzu cifukwa masamba ake ndi aatali ndi oonda ngati udzu wofolera nyumba. Akatswiri a zomera anaupatsa dzina lakuti Xanthorrhoea m'caka ca 1798, koma anthu a mtundu wa Noongar, eni nthaka a kumadzulo kwa dzikolo, amaucha balga.

Mtengowu umatalika sentimita imodzi kapena awiri okha pa caka. Ndiye kuti wotalika mamita awiri wakhala zaka 100 kapena kuposerapo. Thunthu lake ndi zotsalira za masamba akale zomatana ndi utomoni, ndipo limada cifukwa ca moto wolusa wa m'thengo. Motowo kawirikawiri suupha, koma umaucititsa kutulutsa phesi lalitali la maluwa. Makolo a kumeneko anali kusema mikondo ndi kupeka moto ndi phesilo, namamatira zida zao ndi utomoniwo.

Pamene mzinda wa Perth ukukula, thengo limalambulidwa kuti pamangidwe nyumba ndi miseu. Anthu okhala ndi cilolezo ca boma amakumba mitengoyi isanagwetsedwe, naigulitsa kwa ofuna kukongoletsa pakhomo. Kuuzula m'thengo popanda cilolezo ndi mlandu.

Bvuto ndi lakuti yambiri yookedwa mosasamala imafa. Cifukwa cake cili pansi. Mizu yake imakhalira limodzi ndi timaulusi ta mtundu wa bowa timene timaithandiza kuyamwa cakudya m'nthaka yosauka. Wokumba akadula mizu pafupi ndi tsinde, nakutumula dothi lonse, ndiye kuti walanda mtengowo m'phika wake.

Cifukwa ca ici, odziwa nchitoyi amakumba m'miyezi yozizira, monga June ndi July, pamene ku Perth kumagwa mvula. Amakumba patali ndi tsinde, nanyamula mizu pamodzi ndi dothi lake atakulunga m'saka lonyowa. Masamba amawadulako kuti mtengo usataye madzi ambiri mizu isanagwire.

Malo obzalapo ayenera kukhala a dzuwa ndi a dothi la mcenga. Pa dothi la makande, losunga madzi, amayamba aunjika mulu wa dothi losakaniza ndi mcenga nabzala pamwamba pake, popeza madzi odikha amaoletsa mizu ndi kubweretsa matenda oumitsa mitengo ochedwa Phytophthora. Tsinde lisakwiriridwe kupitirira pamene dothi linalekezera kale. Feteleza wamphamvu, monga Compound D wothira ku cimanga, saufuna, cifukwa unazolowera nthaka yopanda conde. Kuthirira kuyenera kupitirira m'nyengo zotentha ziwiri zoyamba, koma dothi lizikhala lacinyezi cabe, osati matope.

Comvetsa cisoni ndi cakuti mtengowu umanyenga maso. Ngakhale mizu itafa, masamba angakhalebe obiriwira kwa caka kapena ziwiri, cifukwa umadya cakudya cosungidwa m'thunthu. Mwini munda amakondwa, osadziwa kuti ndalama zake zinatayika tsiku lokumba lomwe. Cizindikiro codalirika ndi masamba atsopano otuluka pakati pa nsonga caka ndi caka.

Ena amasankha kufesa njere, zimene zimamera mosabvuta, ngakhale kuti thunthu lingatenge zaka makumi awiri lisanaoneke. Wofesayo amadziwa kuti mtengo wamtali adzauona ndi adzukulu ake.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mtengo umene unapulumuka moto ndi cilala kwa zaka 100 ungathe kuphedwa ndi khasu m'mawa umodzi, ndipo palibe mlimi amene angaubwezere m'moyo wake.