Miyezi itatu yokha: thandizo la chakudya pa nthawi ya ulova ku America

Anthu ambiri akamva za dziko la America amaganiza za mwanaalirenji. Komatu nakonso njala iliko. M'chaka cha 2024, anthu pafupifupi 42 miliyoni ankadalira ndondomeko ya boma yotchedwa SNAP, imene imaika ndalama pa khadi mwezi uliwonse kuti mwini khadiyo agulire zakudya m'sitolo.

Kwa anthu ena thandizoli lili ndi malire. M'chaka cha 1996, Pulezidenti Bill Clinton anasaina lamulo loti munthu wa zaka 18 mpaka 49, wathanzi komanso wopanda ana owasamalira, azilandira kwa miyezi itatu yokha pa zaka zitatu zilizonse. Kuti apitirize kulandira ayenera kugwira ntchito, kapena kuphunzira ntchito, kwa maola 80 pa mwezi. Kungoyendayenda kufunafuna ganyu sikuwerengedwa.

Opanga lamuloli anadziwa kuti munthu angaifune ntchito koma osaipeza. Choncho analola kuti chigawo chilichonse chizipempha Unduna wa Zamalimidwe kuti uyambe waimitsa malirewa m'madera amene anthu oposa 10 pa 100 alionse ali pa ulova, kapena kumene ntchito n'zosakwanira.

Mpata umenewu unathandiza kwambiri chuma chitasokonekera m'chaka cha 2008. Lamulo limene Pulezidenti Barack Obama anasaina mu February 2009 linaimitsa malirewa m'dziko lonse kuyambira April 2009 mpaka September 2010. Mu October 2009 ulova unafika pa anthu 10 pa 100 alionse. Zigawo zambiri zinapitiriza kupempha mpatawu kwa zaka zingapo, ndipo m'zambiri mwa izo malire anabwerera cha mu 2016.

Mu December 2019, boma la Donald Trump linakhwimitsa mfundo zopemphera mpatawu, ndipo undunawo unayerekeza kuti anthu pafupifupi 700,000 ataya thandizo. Khoti la ku Washington linaletsa zimenezi mu March 2020. Mwezi womwewo nyumba ya malamulo inaimitsanso malire onse chifukwa cha mliri wa Covid-19, umene pofika mu April unakweza ulova kupyola anthu 14 pa 100 alionse. Kuwerenga miyezi itatu kunayambiranso mu July 2023.

Chiyambireni nthawi imeneyo khomo lakhala likuchepa. Lamulo la 2023 linakweza zaka kufika 54, ngakhale linapatula asilikali opuma ndi anthu osowa pokhala. La mu July 2025 linafikitsa zakazo pa 64, linakhudzanso makolo amene mwana wawo wamng'ono wakwanitsa zaka 14, ndipo linafafaniza kupatula kuja. Linachotsanso mfundo ya kusakwanira kwa ntchito, moti kupatula ku Alaska ndi Hawaii, dera lingapemphe mpata pokhapokha ulova utapyola 10 pa 100.

Ochirikiza malire amati iwo amalimbikitsa munthu kudzidalira. Koma kafukufuku wa m'chigawo cha Virginia, wofalitsidwa mu 2023, anapeza kuti chiwerengero cha olandira thandizo pakati pa anthu okhudzidwa chinatsika ndi theka, pamene chiwerengero cha opeza ntchito sichinakwere mooneka. Vuto lina n'lakuti poyeza ulova amawerenga okhawo amene akufunafuna ntchito. Waganyu wa m'munda amene amapeza maola ochepa amawerengedwa kuti ali pa ntchito, ngakhale maolawo sakukwana 80, ndipo wakumudzi amene analeka kufunafuna chifukwa chosowa choyendera sawerengedwa n'komwe.

Phunziroli likukhudza aliyense amene amagawa chakudya posinthana ndi ntchito. Asanamufunse munthu chifukwa chimene sakugwirira ntchito, ndi bwino ayambe wafufuza ngati ntchitoyo ilipodi m'deralo, m'nyengo imeneyo, komanso pa mtunda woti munthuyo angafike.