Amai Ladi Kwali: Woumba Mbiya Amene Ali pa Ndalama

Pa ndalama ya 20 naira ya ku Nigeria pali cithunzi ca mzimai akuumba mbiya. Amenewa ndi amai Ladi Kwali, a m'mudzi wa Kwali, omwe anamwalira mu 1984.

Anayamba kuumba ali mtsikana, namawochera mitsuko pabwalo. Mu 1954 anakhala mzimai woyamba kulowa sukulu ya zoumbaumba ya Michael Cardew ku Abuja wakale, lero Suleja. Kumeneko mitsuko yao, yojambulidwa abuluzi ndi nsomba, anali kuipaka mankhwala onyezimira ndi kuiwocha m'ng'anjo ya nkhuni yotentha kwambiri.

Mitsukoyo inachuka mpaka ku London, koma inali yolemera ndipo siinali kuziziritsa madzi. Mtsuko wakumudzi umaziziritsa cifukwa umacita thukuta. Alimi, musaunyoze.