Ndalama za boma zili ndi mwini, ndipo amakhala kuno kugombe

Nkhani ya ndalama za boma ikayambika pagombe la Salima, kaya ndi ku Chipoka, ku Senga Bay kapena ku Lifuwu, mawu ake sasintha kwenikweni. Wina ati za boma zilibe mwini, wina ati bwana uje ndi wopatsa, wachitatu n'kutseka nkhani ndi mwambi uja wa mbuzi yodya pomwe aimangirira. Tawamva kwa zaka zambiri mawu amenewa moti ena tayamba kuwayesa malamulo. Ambiri mwa iwo ndi bodza, ndipo bodzali limakomera anthu omwe agwira thumba.

"Ine sindili pantchito, msonkho sundikhudza"

Amene amanena izi amaganiza za msonkho wodulidwa pamalipiro a mwezi, womwe mphunzitsi kapena msilikali wa ku MAFCO amauona papepala lake. Koma bungwe lotolera misonkho la MRA siliyembekeza kuti munthu alembedwe ntchito. Mayi wogulitsa usipa wowuma akagula malata ndi simenti pa Kamuzu Road, mumtengo womwewo muli msonkho wa VAT, womwe kwa zaka zambiri udali 16.5 peresenti. Akagula mayunitsi kuti aimbire wogula nsomba wa ku Lilongwe, walipiranso. Akayala malonda ake mumsika, wa khonsolo amabwera ndi tikiti.

Taonaninso mwini boti la injini. Mumtengo wa lita iliyonse ya petulo muli ndalama zingapo zomwe boma limadulapo, zina zokonzera misewu, zina zopititsira magetsi kumidzi. Ndiye kuti boti lomwe limayenda pamadzi okhaokha, usiku wonse kusaka usipa ndi nyali, limasonkhera msewu wa tala womwe silidzaupondapo. M'mawa nsombazo zikakwera galimoto, zimakagundidwa m'maenje a msewu wa M5. Munthu wotereyu akamati ndalama za boma si zake, akudzikana yekha.

"Mjigo uwu atipatsa ndi aphungu athu"

Ichi ndiye chikhulupiriro chozika mizu kwambiri, ndipo andale amachithirira tsiku ndi tsiku. Mjigo, kamlatho, chipinda chophunziriramo kapena nyumba ya mphunzitsi, zambiri mwa zimenezi zimamangidwa ndi thumba la chitukuko cha m'dera la CDF. Thumbali lidayamba mu 2006, ndipo ndalama zake zimachokera mu bajeti yomwe Nyumba ya Malamulo imavomereza chaka ndi chaka. Mu 2022 dera lililonse la phungu limalandira K100 miliyoni, ndipo mu 2024 zidakwera kufika K200 miliyoni. Zimadzera ku khonsolo ya boma, ndipo pamapepala, ntchito zoti zigwiridwe zimayenera kuchokera kwa anthu kudzera m'makomiti a VDC ndi ADC.

Pamapepala, ndatero. Zomwe zakhala zikuchitika m'madera ambiri m'dziko muno ndi zakuti phungu ndiye amaloza malo, amaloza womanga, kenaka dzina lake n'kulembedwa pakhoma ndi penti yowala. Pa tsiku lopereka chitukukocho amayi amavina, mfumu imathokoza, ndipo palibe amene amafunsa kuti matumba a simenti adagulidwa angati ndipo adalowa pakhomapo ndi angati. Mu May 2025 khoti lalikulu, litakhala ngati khoti lomasulira malamulo aakulu a dziko, lidagamula kuti aphungu sayenera kuyendetsa nawo thumba la CDF kapena kuvota pa zokambirana za khonsolo, chifukwa ntchito yawo ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza momwe ndalama zikuyendera. Munthu sangakhale wogula simenti, iye yemweyo n'kukhalanso wofufuza ngati simentiyo idagulidwadi.

Phungu wolimbikira alipo, ndipo kumuyamikira si mlandu. Koma tiyamikire kulimbikira kwake, osati ndalamazo, chifukwa sizidachoke m'thumba mwake.

"Za kampeni ndi zawo, ife tingodya nawo"

Apa ndiye pagona nkhani. Nyengo ya chisankho ikafika, magalimoto okhala ndi zimkuzamawu amatsika msewu wochokera ku Lilongwe atadzaza nsalu ndi malaya a chipani. Anyamata a kabaza amapatsidwa ya mafuta, mafumu amalandira maenvulopu, ndipo pakutha pa msonkhano anthu amafola kudikira kangachepe. Timaseka n'kumati tadya za olemera. Funso lomwe sitifunsa ndi lakuti olemerawo adazitenga kuti.

Njira zovomerezeka zilipo. Gawo 40 la malamulo aakulu a dziko lino limati chipani chomwe chapeza mavoti opitirira gawo limodzi mwa magawo khumi pa chisankho cha aphungu chizilandira thandizo la ndalama kuchokera ku boma. Izi ndi ndalama za msonkho, ngakhale kuti ndi zochepa poyerekeza ndi zomwe kampeni imadya. Zipani zimaloledwanso kulandira mphatso kwa anthu ndi makampani, koma lamulo la zipani la 2018 limati mphatso yoyambira K1 miliyoni kuchokera kwa munthu, kapena K2 miliyoni kuchokera ku kampani, iululidwe kwa mlembi wa zipani. Lamulo lomweli limaletsa zipani kulandira ndalama kuchokera ku makampani a boma, ndipo limaletsa kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa ovota. Wopezeka wolakwa akhoza kulipira K10 miliyoni ndi kukakhala kundende zaka 5. Nsalu ndi malaya a chipani sizili m'gulu la zoletsedwazo, koma envulopu yoti "mudzatikumbukire" ili momwemo.

Lamulolo ndi labwino. Vuto ndi lakuti lidakhala zaka zoposa zisanu popanda mlembi wakewake woliyendetsa, mpaka 2024 pomwe a Kizito Tenthani adasankhidwa pa udindowu. M'zaka zimenezo bungwe la maloya la Malawi Law Society lidafika mpaka kukhoti pofuna kuti mayina a opereka ndalama ku zipani zikuluzikulu adziwike. Zipani zimatukwanana pa chilichonse, koma pa nkhani yobisa owapatsa ndalama zimamvana bwino zedi.

Pomwe chinsalu chidang'ambikako pang'ono, zomwe tidaona sizosangalatsa. Mu 2013 mudabuka nkhani ya Cashgate, pomwe makampani ena amalandira macheke a boma popanda ntchito iliyonse yomwe adagwira. Kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly adapeza kuti mabiliyoni a kwacha adasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. A Oswald Lutepo, omwe adali mkulu wina m'chipani cholamula cha PP, adagamulidwa zaka 11 mu 2015. Iwo adanena kuti ndalama zina zidapita ku ndale, ngakhale kuti atsogoleri a chipanicho adakana. Mu 2017 chipani cha DPP chidachititsa mgonero wopezera ndalama wa Blue Night, ndipo mabungwe omwe si aboma adakasuma atamva kuti makhonsolo a mizinda ndi bungwe lina la madzi adasonkhako ndalama za anthu. Chaka chotsatira zidadziwika kuti K145 miliyoni yochokera ku kampani yomwe idapatsidwa ntchito yogulitsa chakudya kupolisi idalowa ku akaunti ya chipani chomwecho. Bungwe la ACB lidati mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo sadapindule nazo payekha, koma kuti ndalamazo zidalowa ku akauntiko palibe adatsutsa. Nalo boma la Tonse silidatuluke loyera: mu 2022 lidalipira K750 miliyoni ya feteleza ku kampani ya ku Britain yomwe idadziwika kuti malonda ake ndi a nyama. Ndipo achikulire akukumbuka nthawi ya chipani chimodzi, pomwe munthu samalowa mumsika kapena kukwera basi popanda khadi ya MCP. Masiku amenewo chipani chimatolera poyera, pachipata. Lero njira zake zidangobisika.

Wamalonda amene wapereka mamiliyoni ku chipani sakupereka chachifundo. Akudikira kontirakiti. Akaipeza amakweza mtengo kuti abweze zake ndi phindu pamwamba, ndipo boma limamulipira kuchokera m'thumba lomwe lija lomwe mayi wa usipa amasonkhamo. K2,000 yomwe munthu walandira pamsonkhano amadzaibweza kambirimbiri tsiku lomwe wapita kuchipatala n'kuuzidwa kuti mankhwala akagule kusitolo.

"Misonkhano ya kunyanja imatukula Salima"

Ichi chili ndi kachoonadi kake, tisakane. Senga Bay ili pafupi ndi Lilongwe, ulendo wa maola awiri okha, choncho maunduna ndi mabungwe amakonda kuchititsa misonkhano yawo m'mahotela a kuno. Ophika, olondera, ochapa zovala, osema ziboliboli ndi ogulitsa chambo amapezapo kangachepe, ndipo boma likaletsa misonkhanoyi, monga lidachitira mu 2022 pofuna kuchepetsa kuwononga ndalama, iwowa ndi amene amayamba kulira.

Komabe tifunse chomwe chimachititsa anthu a ofesi imodzi, omwe ali ndi chipinda chochitira misonkhano ku Capital Hill, kuyenda mtunda wonsewu kuti adzakambirane pepala lomwe akadalimaliza masana amodzi. Yankho ndi alawansi. Munthu akagona kunja kwa malo ake a ntchito amalandira ndalama ya usiku uliwonse. Ambiri amagona malo otchipa, kusaina pepala m'mawa, n'kubwerera nazo ku Lilongwe. Zotsala kuno ndi nyenyeswa. Kafukufuku wa K6.2 biliyoni ya Covid-19 mu 2021 adaonetsa kuti zina mwa ndalamazo zidathera m'maalawansi ndi m'kagulidwe kosalongosoka, nthawi yomwe odwala amasowa mpweya m'zipatala.

"Fakitale ndi mapaipi ndi mphatso ya mtsogoleri"

Salima ali ndi zitukuko zikuluzikulu zomwe andale amakonda kudzitama nazo, ndipo chilichonse chili ndi mwini ndalama wake. Fakitale ya Salima Sugar, yomwe idayamba kupanga shuga mu 2016, idamangidwa ndi ngongole yomwe boma lidatenga ku India. Boma lidali ndi magawo 40 pa 100 alionse kudzera ku bungwe la Greenbelt, otsalawo adali a kampani ya Aum Sugar and Allied. Kafukufuku wa mabuku a kampaniyi adavumbula kuti ndalama zankhaninkhani sizidayende bwino, ndipo mu 2023 boma lidathetsa mgwirizanowo. Ngongole ija ilipobe, ndipo wobweza ndi Mmalawi aliyense, ngakhale amene sadalawepo shuga wake.

Ntchito yopopa madzi kuchokera m'nyanja kupita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 120, idapatsidwa kwa kampani ya Khato Civils. Poyamba mtengo wake umamveka kuti ndi madola 500 miliyoni, ndipo atakambirananso udatsika kufika pa madola 315 miliyoni. Kutsika kotereku pakokha kukutiphunzitsa kuti mtengo woyamba kutchulidwa si wochokera kumwamba. Mu 2023 Nyumba ya Malamulo idavomereza ngongole ya K105 biliyoni yochokera ku mabanki a m'dziko momwe muno kuti ntchitoyi iyende. Madziwo ndi a nyanja yathu, ngongoleyo ndi yathunso, choncho midzi yomwe paipi ikudutsamo ili ndi ufulu wonse wofunsa kuti mipopi yake ili pati.

Magetsi a dzuwa a mamegawati 60 omwe adatsegulidwa ku Nanjoka mu 2021 ndi osiyana: adamangidwa ndi kampani ya JCM Power ndi anzake, ndipo amagulitsa magetsiwo ku ESCOM. Wolipira ndi amene amagula mayunitsi a magetsi.

Ngongole si tchimo ngati yamanga chinthu chobweza ndalama. Koma mu bajeti ya 2024/25, pafupifupi kwacha imodzi mwa zinayi zilizonse idapita ku chiwongoladzanja chokha, tisanagule ngakhale choko chimodzi. Ndipo amene amati azungu adzatilipirira aiwala kuti Cashgate itaphulika, mayiko otithandiza adaimitsa ndalama zomwe amaika mwachindunji mu bajeti yathu, m'nthawi yomwe thandizo lakunja limakwana pafupifupi magawo 40 pa 100 a bajetiyo.

"Nanga ife tingatani, ndi akuluakulu amenewo"

Boti likakocheza m'mawa, palibe mlovi amene amapita kukagona n'kusiya mwini ukonde akuwerenga yekha zigoba za usipa. Onse amaima pomwepo, maso ali pa chigoba, mpaka ya mafuta itachotsedwa ndipo aliyense atadziwa gawo lake. Palibe amaona ngati ndi mwano. Anthu omwewa akafika pa ndalama za khonsolo amagwidwa manyazi.

Chikhalirecho lamulo lili kumbali yawo. Kuyambira pa 30 September 2020, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma likugwira ntchito, ndipo Mmalawi aliyense akhoza kulemba kalata kupempha kuti aone momwe ndalama zayendera. Ofesi ikakana popanda chifukwa, dandaulo limapita ku Malawi Human Rights Commission. Wogawa ndalama pofuna mavoti akhoza kunenezedwa kwa mlembi wa zipani, ndipo wa ziphuphu ku ACB.

Inu a m'makomiti a VDC, a ADC ndi a m'makomiti a m'madoko, musadikire chaka cha chisankho. Pitani ku khonsolo ya Salima mukapemphe mndandanda wa ntchito za CDF za m'dera lanu za chaka chathachi, mtengo wa ntchito iliyonse ndi dzina la amene adaigwira. Mukaulandira, yendani nawo mudzi ndi mudzi mukaone ngati zolembedwazo zilipodi.