Kodi Mumadziwa? Zimbale Zotchuka za M'ma 1970, Kunja ndi Kuno Kwathu

• Pa dziko lonse, zimbale ziwiri za rock za m'zaka zimenezi zili m'gulu la zogulidwa kwambiri. The Dark Side of the Moon cha Pink Floyd (1973) chagulidwa makope oposa 45 miliyoni, pomwe Rumours cha Fleetwood Mac (1977) chapitirira 40 miliyoni.

• Zambia nayo inali ndi rock yakeyake, Zamrock. M'chaka cha 1975 chokha munatuluka Lazy Bones!! cha gulu la WITCH, Africa cha Amanaz ndi Wings of Africa cha Musi-O-Tunya.

• Msika wa kuno unali waung'ono poyerekeza ndi wa ku America kapena ku Britain, koma wailesi inkafikitsa nyimbozi kutali. Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa zikhale za m'dziko muno.

• Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family anatulutsa Day of Judgement mu 1976 ndi 45,000 Volts mu 1977. Nyimbo zake zambiri ankaimba m'Chinyanja, choncho womvera wailesi ku Chadiza sankafunikira womasulira.

• Mtengo wa kopa utagwa, anthu anasowa ndalama zogulira zimbale. Kenaka disiko ndi kalindula zinalanda Zamrock bwalo.

• Zamrock yadzukanso. WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, Zango, mu 2023, ndipo mu 2024 woimba wa ku America Tyler, the Creator anaika mbali ya nyimbo ya Ngozi Family m'nyimbo yake yotchedwa Noid.