Kanyanja ka mchere m'galasi la pabalaza

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Lee Chin Eng wa ku Jakarta, m'dziko la Indonesia, anadabwitsa anthu oweta nsomba za m'nyanja ya mchere. M'mathanki ake munalibe makina okwera mtengo. Ankathiramo madzi a m'nyanja, n'kuikamo miyala yotola m'nyanja momwemo ndi kapampu kolowetsa mpweya, ndipo nsomba ndi makorali zinkakhala bwinobwino. Ntchito yaikulu inkagwiridwa ndi mabakiteriya okhala m'timabowo ta miyalayo, amene amayeretsa madzi usana ndi usiku.

Nzeru imeneyi ndi imene imapatsa mwayi munthu wa ndalama zochepa lero. Komabe amene anawetapo mbuna za m'nyanja ya Malawi asaganize kuti njira ndi yomweyo. Mbuna ndi nsomba za madzi opanda mchere ndipo zimapirira zambiri, pamene korali ndi kanyama kosachedwa kufa madzi akangosintha pang'ono.

Thanki ya malita 40 mpaka 80 ndi yokwanira poyambira, ndipo yogula kwa munthu amene anasiya kuweta imatsika mtengo kwambiri. Koma thanki yaing'ono ili ndi vuto lake. Madzi akamauma, mchere sutuluka nawo, umatsala, choncho otsalawo amawawa msanga. Tsiku lililonse pamafunika kuwonjezera madzi opanda mchere mpaka pa mzere umene mwalemba pagalasi. Ambiri amalakwa pomwepa pothiramo madzi a mchere, osadziwa kuti akungowonjezera vuto.

Ngati pali malo oyenera kuwonongerapo ndalama, ndi pa madzi. Madzi a m'nyanja amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita iliyonse, ndipo kachipangizo koyezera kotchedwa refractometer kaziwerenga 1.025 kapena 1.026. Mchere wothira m'ndiwo sungathandize. Pamafunika wopangidwira ntchito imeneyi, wokhala ndi calcium ndi magnesium zimene makorali amadalira. Madzi a pampopi nawonso ali ndi klorini, ndipo nthawi zina amakhala ndi kopa amene amapha nkhono ndi makorali, n'chifukwa chake oweta amagwiritsa ntchito madzi osefedwa ndi makina a RO. Hita yosunga madzi pa madigiri 24 mpaka 26 ndi kapampu koyendetsa madzi zimamaliza zofunika. Makina ochotsa thovu la zonyansa, otchedwa skimmer, mungawasiye kaye, bola muzisintha gawo limodzi mwa magawo khumi a madziwo sabata iliyonse.

Kenako pamabwera kudikira, kumene sikulira ndalama koma kumagonjetsa ambiri. Miyala youma ndi yotchipa, ndipo kamwala kamodzi kochokera m'thanki yokhazikika kamabweretsa mbewu ya mabakiteriya. Zonyansa zikamawola zimatulutsa amoniya, yemwe ndi poizoni. Gulu lina la mabakiteriya limamusandutsa nitrite, yemwenso ndi poizoni, ndipo gulu lina limasandutsa ameneyo kukhala nitrate, amene sapweteka kwambiri. Zimenezi zimatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Nsomba yoikidwa nthawiyi isanakwane imapsa makha n'kufa mozunzika, ndipo imfa yotere imandipweteka chifukwa ndi yopeweka.

Makorali ambiri amadya kudzera m'kuwala. M'thupi mwawo mumakhala tindere tating'onoting'ono totchedwa zooxanthellae, timene timapanga chakudya kuchokera ku kuwala. Mwamwayi, makorali ofewa monga mushroom, green star polyps ndi zoanthid amakhutira ndi nyali ya LED yapakatikati. Oweta anzanu amadula tizidutswa n'kugulitsa motchipa kapena kungogawa, ndipo kachidutswa konga chikhadabo kamafalikira pamwala miyezi ikamapita. Chenjezo lili pa zoanthid ndi abale ake a Palythoa: ena ali ndi poizoni woopsa wotchedwa palytoxin. Valani magolovesi, tetezani maso, ndipo musayerekeze kuwiritsa mwala umene anamerapo, chifukwa nthunzi yake yagonekapo mabanja athunthu m'chipatala. Koma makorali olimba asiyeni. Amafuna madzi osasinthasintha, ndipo kuwadutsitsa m'malire a mayiko kumafuna zikalata za pangano la CITES.

Nsomba zikhale zochepa. Filimu ya Finding Nemo ya 2003 inatchukitsa clownfish, ndipo ziwiri zimakwana m'thanki ya malita 80 popanda anemone, kanyama ka m'nyanja kamene zimabisalamo. Funsani zoswedwa m'mathanki, osati zogwidwa m'nyanja. Zimalimba, zimadya chakudya cha m'paketi, ndipo kuzigula sikulimbikitsa asodzi ena a ku Philippines ndi Indonesia amene amakomola nsomba ndi cyanide, n'kupha makorali ozungulira. Nsomba ya buluu ya m'filimu yomweyo, blue tang, imakula kufika masentimita pafupifupi 30 ndipo kathanki kotere ndi ndende kwa iyo.

Amene ali ku Johannesburg kapena London zipangizo zonsezi amazipeza m'masitolo apafupi. Wa ku Lilongwe kapena Chipata awerengeretu mtengo woitanitsa mchere kuchokera kunja mobwerezabwereza, komanso aganizire za kuzimazima kwa magetsi. Pampu ikaima, mpweya wa m'madzi umachepa m'maola ochepa, ndipo nsomba ndi mabakiteriya aja zimayamba kufa. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire kagulidwe nsomba yoyamba isanalowe m'thanki.