TIMABVU TATING'ONO, ALONDA A M'MUNDA MWANU

Alimi anzathu, kodi munayamba mwang'amba phesi la cimanga kapena la mapira, ndi kupezamo kapuci wakufa, pambali pace pataunjikana tinthu toyera tonga timpunga tokutidwa ndi thonje? Ambiri akaona timeneti amati ndi mazira a kapuci, ndipo amatiphwanya ndi cala. Pakutero amapha abwenzi ao. Tinthu toyerato ndi zikwa za timabvu tating'ono, ndipo ana a timabvu timeneti ndiwo anapha kapuciyo. Nkhani ino yalembedwa kuti mudziwe timabvuti, mutisiyanitse ndi adani a mbeu zanu, ndiponso mumvetse cifukwa cace dzina la kacirombo kocepa cotere liri kanthu kakakulu.

Makhalidwe ace

Mabvu amene tonse tiwadziwa ndi aja omanga zisa pansi pa tsindwi ndi kuluma ana. Timabvu tinena pano ndi abale ao, koma ndi tocepa kwambiri. Tambiri sitiposa njere ya citowe, ndipo tina tochedwa Trichogramma sitifika ngakhale milimita imodzi, kotero kuti munthu angayese pfumbi. Sitiluma munthu kapena ciweto, ndiponso sitidya masamba. Kakazi kali ndi mbola yace yoikira mazira. Kamafunafuna mbozi, nsabwe za m'masamba, kapena mazira a gulugufe, ndipo kakapeza kamalasa ndi kusiyamo dzira lace. Dziralo likaswa, kamphutsi kamadya mdaniyo kuyambira m'kati kufikira atafa. Pambuyo pace kamasanduka kamabvu, nikauluka kukacita cimodzimodzi kwina.

Tsono mumvetsetse ici: mtundu uli wonse wa timabvu uli ndi cakudya cace. Wina umalasa kapuci ndi mbozi zofanana naye, wina nsabwe za pa repu ndi kabici, wina mazira a gulugufe okha. Mlenje wa mbewa sapha njobvu. Cifukwa cace munthu wofuna thandizo la timabvu ayenera kudziwa bwino dzina la mdani, ndi dzina la kamabvu komwe.

Maina awiri

Akatswiri a tizirombo amapatsa kacirombo kali konse maina awiri a Cilatini, potsata njira imene Linnaeus wa ku Sweden anaikhazikitsa m'caka ca 1758. Dzina loyamba liri ngati mfunda kapena ciwongo, monga Banda ndi Phiri. Laciwiri ndilo la mwini yekha. Munthu akafika pamudzi nati afuna a Phiri, mudzamfunsa kuti a Phiri ace ati, pakuti alipo ambiri. Comweconso ndi tizirombo. Wolemba dzina latsopano amasunga kaciromboko m'nyumba yosungiramo zinthu zotere, kuti a m'tsogolo adzathe kufananiza ndi kao.

Kodi kulakwa dzina kungaononge ciani? Imvani nkhani ya cinangwa.

Njala imene inadza ndi kacirombo koyera

Cinangwa kwao ndi ku South America. Ca m'ma 1973 anthu a ku Congo anayamba kuona kacirombo kacilendo pa nsonga za cinangwa, kofewa, kokutidwa ndi ufa woyera. Anzathu a ku Malawi amakacha kodikodi. Kamayamwa madzi a mtengo, nsonga zimapinimbira ndi kuunjikana ngati nkhonya, masamba amayoyoka, ndipo mlimi akakumba apeza mizu yocepa. Popeza kanafika kopanda adani ace a kwao, kanaswana kosaletseka, nikafalikira maiko ambiri a mu Africa. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 kanalowa mu Zambia, ndipo anthu a ku Luapula, amene nsima yao ndi ya cinangwa, anasauka nako kwambiri.

Poyamba panalibe wodziwa dzina lace. M'caka ca 1977 mai wina katswiri wa ku Paris, Matile-Ferrero, analemba maonekedwe ace nakapatsa dzina lakuti Phenacoccus manihoti. Anthu anzeru anati, tiyeni tipite kwao kwa cinangwa tikafune mdani wace. Cakumpoto kwa South America anapeza kacirombo kofanana nako pa cinangwa, ndipo anakondwa. Anatenga timabvu timene tinali kulasa kameneko nabwera nato ku Africa, koma timabvuto tinakana kuswana pa kodikodi wa kuno. Nthawi ndi ndalama zinapita cabe, minda irikuonongeka.

Cinalakwika ndi dzina. M'caka ca 1981 akatswiri awiri a ku London, Cox ndi Williams, atayang'anitsitsa pa makina okulitsa zinthu, anaonetsa kuti ka kumpoto kaja kanali mtundu wina, ndipo anakacha Phenacoccus herreni. Kameneko thupi lace ndi lacikasu, ndipo kali ndi tatimuna ndi tatikazi. Ka kuno thupi lace ndi lofiirira, ndipo tonse ndi tatikazi, toswana popanda kamuna. M'caka comweco Anthony Bellotti anapeza kodikodi weniweni kutali kumwera, m'dziko la Paraguay. Kumeneko anali wosowa, wosabvuta alimi, cifukwa adani ace anali kumcepetsa. Mmodzi wa adaniwo ndiye kamabvu kamene lero kachedwa Anagyrus lopezi. Katswiri wa ku Argentina, De Santis, anali atalemba kale dzina lace m'caka ca 1964, nthawi imene panalibe munthu wodziwa kuti kadzapulumutsa minda ya kutsidya la nyanja.

Timabvuto tinayamba tasungidwa ku England, kuti aone ngati sitinatenge matenda kapena tizirombo tina. Kenaka Hans Herren ndi anzace a bungwe la IITA anatiweta tambirimbiri, natimasula ku Nigeria kumapeto kwa 1981. M'malo ena anacita kutitaya pa ndege. Mu Zambia tinayamba kumasulidwa m'caka ca 1984. Patapita zaka zowerengeka kodikodi anacepa, ndipo cinangwa cinaphukanso m'maiko oposa 20, mlimi wosalipira kanthu. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kameneka kanacedwa m'njira cifukwa ca kusokoneza maina awiri.

Pa cimanga napo nkhani iri yofanana. Kamabvu ka kuno kolasa kapuci ndi Cotesia sesamiae. Mbale wace, Cotesia flavipes, anatengedwa ku Pakistan namasulidwa ku Kenya m'caka ca 1993, kuti alimbane ndi kapuci wamaanga wocokera ku Asia. Awiriwa afanana ngati mapasa, ndipo katswiri amawasiyanitsa pong'amba kamuna ndi kuona ziwalo zace zobisika. Dziwaninso kuti tiripo timabvu tina timene timalasa ana a timabvu tabwino. Cotero si kamabvu kali konse kamene kali bwenzi, ndipo kuweruza kotsiriza ndi nchito ya akatswiri.

Zimene mungathe kuona ndi maso anu

Inu simufunika makina kuti mudziwe ngati alondawa ali m'munda mwanu. Nchito yao imasiya zizindikiro.

1. M'phesi la cimanga kapena mapira: zikwa zoyera zounjikana pafupi ndi kapuci wakufa kapena wofooka.

2. Pa repu ndi kabici: nsabwe zotupa, zouma, za mtundu wa udzu wouma, zosayenda. Ina mudzaipeza ndi kabowo kozungulira pamsana. Pamenepo ndi pakhomo pamene kamabvu kanaturukira.

3. Pa cinangwa: kodikodi wouma gwa, wonga kambeu, pakati pa anzace ofewa.

4. Pa masamba a cimanga: mazira a nchemberezandonda, mbozi imene inafika mu Africa m'caka ca 2016, akada bii osaswa mbozi. Koma cenjerani, pakuti mazira oti aswe mbozi nawonso amada. Botolo ndilo lidzakuuzani zoona.

Tengani botolo loyera ndi louma, ikanimo tsamba kapena cidutswa ca phesi cokhala ndi zikwazo, tsekani pakamwa ndi kansaru kothina, ndi kuliika pamthunzi posafika nyerere. Yang'anani m'mawa muli monse kufikira masabata awiri kapena atatu. Kakaturuka kacirombo, muone izi: kamabvu kali ndi mapiko anai ndi tinyanga tatitali togwedezagwedeza, ndipo tambiri tiri ndi ciuno coning'a. Nchenche iri ndi mapiko awiri okha ndi tinyanga tatifupi. Itanani ana a sukulu adzaone, pakuti maso ao ndi akuthwa koposa athu.

Kutumiza kwa akatswiri

Mukaona cirombo cacilendo m'munda, musangoti ndi comwe cija ca caka catha. Safunsa anadya phula. Ikani tizirombo tingapo m'kabotolo ka sipiriti, pamodzi ndi cikwa kapena mbozi imene tinaturukamo. Lembani kapepala ndi pensulo, osati inki, pakuti inki imasungunuka. Chulani mudzi, mfumu, tsiku, ndi mbeu imene munapezapo. Kacirombo kopanda kapepala kali ngati kalata yopanda keyala. Perekani kwa mlangizi wa zaulimi wa kwanu, ndipo iye adzatumiza ku malo ofufuzirako za ulimi, monga Msekera ku Chipata kapena Mount Makulu ku Chilanga.

Za mankhwala

Mau otsiriza ndi awa. Mankhwala ambiri opopera amapha timabvu msanga koposa adani, cifukwa kapuci amabisala m'phesi ndipo kodikodi ali ndi ufa womcinjiriza, pamene kamabvu kamayenda poyera. Wopopera cisawawa amapha alonda, ndipo mbala zotsala zimaswana mwaufulu. Musanagule mankhwala, yendani m'munda, werengani mbeu zogwidwa, funani zizindikiro tachula zija, ndi kufunsa mlangizi. Siyaniko maluwa ena m'mphepete mwa dimba, pakuti timabvu tatikulu timamwa timadzi ta m'maluwa. Ndipo mukadzang'ambanso phesi ndi kupezamo timpunga toyera, bwezani cala canu, muike phesilo pamthunzi m'munda momwemo, kuti alonda aturuke akayambe nchito.